Kwa Katsekera: Khonsolo ya Salisbury ndi Anthu a Tsidya la Mukuvisi

Akuluakulu amene anakulira ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Highfield mumzinda wa Harare amawadziwa mawu akuti katsekera. Linali dzina la mzungu woyang'anira lokeshoni, ndipo ofesi yake, kumene anthu ankapereka lendi ndi kukadandaula za nyumba, inkatchedwa kwaKatsekera. Mawuwa anakhazikika m'Chishona cha m'tauni, komatu Mshona akafuna kunena za kutseka chitseko amati kuvhara kapena kupfiga. Kutseka ndi kutsekera ndi aneni a Chinyanja, ndipo ka- wa kumayambiriroyo ndi yemwe uja wa m'mawu monga kalembera ndi kabwerebwere. Ndiye kuti mkulu wolamulira anthu akuda mu likulu la Southern Rhodesia ankayenda ndi dzina limene anam'patsa anthu ochokera kutsidya kwa Zambezi. Dzinalo likuonetsa kuchuluka kwa anthu amenewa m'lokeshoni masiku oyambirira, komanso mmene iwo ankaionera khonsolo. Kwa iwo khonsolo inali mwini kiyi, wotsekera munthu kunja kwa nyumba akalephera lendi, wotsekera munthu m'chitolokosi akapezeka wopanda chitupa.

Kum'mwera kwa pakati pa mzinda wa Harare kuli dera la Graniteside. Kumeneku kulibe nyumba zambiri zogonamo anthu. Ndi dera la mafakitale, nyumba zosungiramo katundu ndi magalaja, motsatira misewu ya Seke, Cripps ndi Kelvin. Mtsinje wa Mukuvisi, umene azungu ankautcha Makabusi, umadutsa cha kumeneko, ndipo patsidya pake pali Magaba ndi nyumba zosanja za Matapi, ku Mbare. Mbandakucha anthu ankawoloka kupita ku ntchito, madzulo n'kuwolokanso kubwerera. Madera awiriwa anali pansi pa khonsolo imodzi, koma ankalamulidwa ndi malamulo awiri, ndalama zawo zinkasungidwa m'matumba awiri, ndipo mbali imodzi yokha ndiyo inkasankha makhansala.

Gulu la asilikali ndi atsamunda la British South Africa Company linakweza mbendera yake pamalopa pa 13 Sepitembala 1890 n'kupatcha Fort Salisbury. Poyamba kamudzi ka azunguka kankayendetsedwa ndi bungwe loona za ukhondo, ndipo mu 1897 kanakhala ndi khonsolo yakeyake, meya woyamba ali W. E. Fairbridge, mkonzi wa nyuzipepala. Mu 1935 Salisbury inalandira ulemu wotchedwa mzinda. Khonsoloyi inatengera dongosolo la ku Britain: makhansala osankhidwa, meya wosankhidwa pakati pawo, makomiti a zachuma, zaumoyo ndi zomangamanga, ndi mlembi wamkulu wa mzinda amene ankayang'anira antchito onse. Ovota anali eni malo ndi nyumba, amene ankapereka msonkho wa malo. Mfundo yake inali yakuti wolipira ndiye woyankhula, ndipo kwa mzungu wa ku Avondale mfundoyi inkagwira bwino lomwe.

Nanga amene ankasesa misewu, kuwotcha njerwa ndi kunyamula ndowa za m'zimbudzi usiku? Mu 1907 khonsolo inatsegula lokeshoni yatsopano kum'mwera kwa kaphiri ka Kopje, kuseri kwa njanji, pafupi ndi manda. Malowa ndi amene pambuyo pake anatchedwa Harari Township, ndipo lero ndi Mbare. Wolemba mbiri wa ku Japan, Tsuneo Yoshikuni, amene anafufuza za moyo wa anthu akuda mumzindawu chisanafike chaka cha 1925, anaonetsa kuti Ashona ambiri a m'midzi yoyandikira sankafuna kukhazikika m'tauni. Iwo ankagulitsa chimanga ndi ndiwo zamasamba, kapena kugwira ntchito miyezi yochepa n'kubwerera kwawo. Amene ankakhalitsa anali a kutali: a ku Nyasaland, a ku Tete ndi m'chigwa cha Zambezi, a ku Fort Jameson. Ambiri ankayenda wapansi milungu ingapo kudzera ku Tete ndi Mtoko, pothawa msonkho wa nyumba umene analibe nako kopezera ndalama kwawo. Pambuyo pake kunabwera malole a Ulere ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Mishoni ya ku Nkhoma inawatsatira mu 1912 potumiza Mbusa T. C. B. Vlok, ndipo mpingo umene anayambitsawo ndi umene unadzakhala Sinodi ya Harare ya CCAP. Ashona anawapatsa alendowa mayina awo, monga Manyasarande ndi Mabhurandaya, lachiwirili lochokera ku dzina la Blantyre. Kumudzi nako amene sanabwerere ankangotchedwa matchona.

Lokeshoni inali ngati kamzinda kapadera m'kati mwa mzinda, koma kamzinda kopanda eni. Dothi linali la khonsolo, nyumba zinali za khonsolo, ndipo lamulo logawa malo la Land Apportionment Act la 1930 linatsimikiza kuti tauni ndi dera la azungu, mmene munthu wakuda amaloledwa kukhalamo pa chifukwa cha ntchito basi. Katsekera anali ndi apolisi ake a khonsolo. Iye ndiye ankagawa zipinda, kutolera lendi, kupereka chilolezo kwa mlendo wodzacheza, ndi kutumiza apolisi kukagogoda m'makomo usiku kuti aone ngati mwagona munthu wosalembedwa. Mlandu wa mayi wobwera kudzaona mwamuna wake popanda kalata unkathera kwa iyeyo. M'mudzi wa Achewa mlandu umakambidwa pabwalo, nyakwawa ndi ankhoswe alipo, ndipo wolakwa amadziwa amene akumuweruza. Kwa Katsekera kunalibe bwalo. Kunali kauntala, buku la mayina ndi womasulira.

Nkhani ya ndalama ndi imene imavumbula bwino mtima wa ulamulirowu. Makhansala sankafuna kuti msonkho wa azungu uzipita ku lokeshoni, choncho anakhazikitsa kuti lokeshoni izidzilipirira yokha. Ndalama zake zinkasungidwa m'thumba lapadera, ndipo zinkachokera ku lendi, ku chindapusa, ndi ku mowa. Nzeru ya mowayi inachokera ku Durban, kumene khonsolo inayamba kufulula ndi kugulitsa yokha mowa wa masese kwa anthu akuda, n'kuletsa ena onse. Salisbury ndi Bulawayo zinatengera zomwezo. Mayi wofulula mowa kunyumba anasanduka wophwanya lamulo, mowa wa m'mabotolo unali woletsedwa kwa munthu wakuda kufikira 1957, ndipo wofuna kumwa mwamtendere ankayenera kupita ku holo ya mowa ya khonsolo. Phindu la kumeneko ndi limene linkamangira zipatala zing'onozing'ono, mabwalo a mpira ndi maholo a misonkhano.

Apa pali chinthu chofunika kuchiyang'anitsitsa. Munthu wogwira ntchito m'fakitale ya ku Graniteside ankathandiza mzinda kawiri. Thukuta lake linkakweza phindu la fakitale, fakitaleyo n'kupereka msonkho wa malo, msonkhowo n'kukonzera misewu ya tala ndi nyale za m'madera a azungu. Akaweruka, kamalipiro kake kankathera ku lendi ndi ku chipanda cha mowa, ndipo ndalama zimenezo ndi zokhazo zinkabwerera kwa iye ngati mpope wa madzi wa anthu onse ndi chimbudzi cha gulu. Kuti mwana apeze sikelo ndi mankhwala, bambo ake anayenera kumwa. Atsogoleri a mipingo ankadandaula nazo, amayi ankapitiriza kufulula mobisa sikokiyani ndi kachasu, apolisi n'kumakumba pansi kufunafuna migolo. Dongosololi linakhala zaka zambiri kuposa atsamunda eni ake, pakuti kampani ya khonsolo yogulitsa mowa, Rufaro Marketing, inapitirizabe ntchito dziko litalandira ufulu.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mafakitale anachuluka. Graniteside, Workington ndi Southerton anadzaza, makamaka m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, pamene chuma cha mayiko atatu chinkasonkhana ku Salisbury. Anthu anasefukira m'lokeshoni. Boma linakhazikitsa lamulo la Native (Urban Areas) Accommodation and Registration Act mu 1946, lokakamiza olemba ntchito kulipirira antchito awo malo ogona ndiponso makhonsolo kumanga nyumba. Pamenepa m'pamene panachokera mahositelo a amuna okhaokha monga Matapi, Nenyere ndi Shawasha, amuna angapo m'chipinda chimodzi, khitchini ndi bafa za onse. Lamulolo linamangirira nyumba ku ntchito: ntchito ikatha, malo ogona athanso. Mkazi ankaloledwa kukhala m'nyumba ya banja pokhapokha ukwati wake utalembedwa kuboma. Kwa mwamuna wa ku Dedza amene anakwatira mwa chikamwini, ankhoswe ali kutali mtunda wa milungu itatu, kupeza kalata yotereyi sinali nkhani yapafupi, ndipo mabanja ambiri enieni anakhala ngati akuba m'nyumba zawo.

M'malo mwa voti, anthu a m'lokeshoni anapatsidwa bungwe la alangizi, Advisory Board. Mamembala ake ena ankasankhidwa ndi anthu, koma ntchito yawo inali kungopereka maganizo, khonsolo n'kuwamva kapena kuwataya. Charles Mzingeli, mtsogoleri wa bungwe la antchito la Reformed ICU limene analiyambitsa mu 1946, anagwiritsa ntchito mpando umenewu mwakhama, polimbana ndi kugogoda kwa usiku ndi kuthamangitsa amayi, kufikira anthu anayamba kumutcha meya wa Harare. Mzingeli anaphunzira ndale mu ICU yoyamba, imene inachokera kwa Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay ndipo inafika ku Rhodesia mu 1927 kudzera mwa Robert Sambo, nayenso wa ku Nyasaland. Amayi nawo anali ndi mtsogoleri wawo, Elizabeth Musodzi Ayema, amene mwamuna wake anali wapolisi wochokera ku Northern Rhodesia. Iye anayambitsa kalabu ya amayi mu 1938, ndipo holo ina ya ku Mbare imadziwika ndi dzina lake mpaka lero.

Achinyamata a m'ma 1950 anatopa nako kulangiza kopanda mano. Mu 1955 James Chikerema, George Nyandoro, Edson Sithole ndi Dunduzu Chisiza wa ku Karonga, amene ankagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa India, anayambitsa City Youth League. Mu Sepitembala 1956 gululi linatsogolera anthu kunyanyala mabasi mtengo utakwera. Kunyanyalako kunasanduka chipolowe, ndipo atsikana okhala ku hositelo ya Carter House anagwiriridwa ndi anyamata a m'lokeshoni momwemo, chinthu chimene olemba mbiri ya ufulu anachilambalala kwa nthawi yaitali. Chisiza anapitikitsidwa m'dzikomo chaka chomwecho. Pa 12 Sepitembala 1957, tsiku limene azungu ankakumbukira kufika kwawo, chipani cha Southern Rhodesia African National Congress chinabadwira mu holo ya Mai Musodzi, Joshua Nkomo ali mtsogoleri. Ndale za dziko lonse zinaphukira m'madandaulo a lendi, basi ndi chitupa, ndipo zitakula zinaiwala msanga kumene zinachokera.

Pamene anthu zikwizikwi a ku Harari ankakanizidwa khonsolo yawo, timadera ta azungu ochepa tozungulira mzinda tinali ndi mabungwe awoawo odzilamulira. Highlands, Greendale, Hatfield, Waterfalls, Mabelreign ndi Mount Pleasant ankatolera msonkho wawo ndi kukonza misewu yawo, kufikira pamene anaphatikizidwa ku Salisbury mu 1971. Kwa anthu akuda njira inali yosiyana: kuwakankhira kutali. Mabvuku ndi Tafara, kumene kuli mabanja ambiri a Chichewa ndi Chiyawo ndiponso madambwe a gule wamkulu, anamangidwa kum'mawa kwenikweni kuti azitumikira nyumba za azungu za mbali imeneyo. Chitungwiza inapangidwa mu 1978 pophatikiza St Mary's, Zengeza ndi Seke, makilomita oposa 20 kuchokera pakati pa mzinda, ili ndi khonsolo yake koma yopanda mafakitale okwanira oti n'kuipatsa msonkho. Anthu ake mpaka pano amadzera msewu wa Seke m'mawa uliwonse, kudutsa pa Graniteside, kukasiya mphamvu zawo m'dera la khonsolo ina.

Ufulu unalengezedwa ku Mbare komweko, m'bwalo la Rufaro, usiku wolowera pa 18 Epulo 1980. Boma latsopano linathetsa malamulo awiri aja n'kunena kuti mzinda ndi umodzi. Anthu a m'malokeshoni anavota, ndipo mu 1981 Dr Tizirai Gwata anakhala meya woyamba wakuda. Chaka chotsatira mzinda wonse unatenga dzina la lokeshoni, Harare, lokeshoniyo n'kutchedwa Mbare. Nyumba zambiri za khonsolo m'madera monga Mufakose ndi Highfield zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo kwa mabanja ochuluka a matchona aka kanali koyamba kukhala ndi malo awoawo padziko lapansi. Zimenezi siziyenera kuchepetsedwa. M'zaka khumi zoyambirira zipatala za khonsolo zinachuluka, madzi ankatuluka m'mipope, ndipo galimoto za zinyalala zinkabwera pa tsiku lake.

Koma kiyi uja anangosamuka dzanja. Lamulo la makhonsolo a m'matauni, Urban Councils Act, linapatsa nduna ya maboma ang'ono mphamvu zovomereza bajeti ndi malamulo a khonsolo, zosintha zimene makhansala agwirizana, ngakhalenso zowaimitsa n'kuika komishoni m'malo mwawo. Mu 1999 meya Solomon Tawengwa ndi khonsolo yake anachotsedwa madzi atasowa mumzinda, ndipo komishoni ya Elijah Chanakira inalamulira kufikira 2002, pamene makhoti, atadandauliridwa ndi bungwe la Combined Harare Residents Association, analamula kuti chisankho chichitike. Anthu anasankha Elias Mudzuri wa chipani chotsutsa cha MDC. Nduna Ignatius Chombo inamuimitsa mu Epulo 2003, ndipo pofika kumapeto kwa 2004 mzinda unalinso m'manja mwa komishoni, ya Sekesai Makwavarara. A ku Malawi sangadabwe kwambiri ndi zoterezi, pajatu makhonsolo a kumeneko anakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014.

Munali m'nthawi ya komishoni yosasankhidwayi mmene munachitika Operation Murambatsvina, kuyambira mu Meyi 2005. Apolisi ndi akatapila anagwetsa timanyumba ta kuseri, misika ndi mashedi a amisiri, kuphatikizapo msika wa Siyaso ku Magaba, kumene ambiri ochotsedwa ntchito m'mafakitale ankapezera chakudya powotcherera zitsulo. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inawerengera kuti anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse anataya nyumba, ntchito kapena zonse ziwiri. Malamulo amene anagwiritsidwa ntchito anali a mapulani a mizinda, ena a iwo otsalira kwa atsamunda. Ogwetseredwawo ankauzidwa kuti abwerere kumusha, kutanthauza kumudzi. Mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Ntcheu mu 1940, wobadwira ku Matapi, wolankhula Chishona kuposa Chichewa, analibe musha wina woposa chipinda chimene chinagwetsedwacho.

Anthu omwewa anali atalandidwa kale voti. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akane unzika winawo motsata malamulo a dziko lakelo. Ambiri sanamve n'komwe, ena analibe ndalama kapena makalata, ndipo ena sankaona chifukwa chokanira unzika wa Malawi, Zambia kapena Mozambique umene sanakhalepo nawo. Zitupa zawo zinali ndi chizindikiro cha mlendo, ndipo pa chisankho cha mu Malichi 2002, chimene chinabwezera Harare meya wosankhidwa, ochuluka a iwo anabwezedwa pakhomo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi ponena kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ngati akukhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa. Komabe panafunikanso chigamulo cha khoti lalikulu mu 2017 kuti a zitupa zakalezo aloledwe kulembetsa m'kaundula wa ovota, atasonyeza kalata ya kubadwa ndi umboni wa kumene akukhala.

Masiku ano khonsolo imakumana ku Town House, pa msewu wa Julius Nyerere. Makhansala amasankhidwa m'mawodi, ndipo kuyambira 2008 meya amasankhidwa ndi makhansalawo, mphamvu zenizeni za tsiku ndi tsiku zili kwa mlembi wamkulu ndi akuluakulu a nthambi. Thumba lake ndi lobooka mbali zonse. Magetsi, amene kale mzinda unkagulitsa wokha, anapita ku ZESA m'ma 1980. Ndalama za ziphaso za galimoto zinapita ku ZINARA. Madzi anatengedwa ndi bungwe la boma la ZINWA n'kubwezedwa mu 2009, m'nthawi ya kolera imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, Budiriro ndi Chitungwiza ali m'gulu la madera okhudzidwa koposa. Chisankho cha 2013 chili pafupi, nduna inalamula makhonsolo onse kufufuta ngongole za anthu za kuyambira 2009, ndipo amene ankalipira mokhulupirika anadziona opusa. Mafakitale ambiri a ku Graniteside anatseka kapena kusanduka mosungiramo katundu wochokera kunja. Pa zolakwa za makhansala eni ake, nkhani za kugawana malo mwachinyengo zinachuluka kufikira Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anakhazikitsa komishoni yofufuza, yotsogozedwa ndi Jaji Maphios Cheda, mu Meyi 2024.

Madzi ndi amene amamanga pamodzi mzindawu ndi timakhonsolo touzungulira. Mukuvisi amanyamula zonyansa za m'mafakitale ndi za m'mipope yophulika ya ku Mbare n'kukathira mu Manyame, Manyame n'kukathira m'nyanja ya Chivero, imene inamangidwa mu 1952 kumunsi kwa mzinda. Kuchokera kumeneko madzi amayeretsedwa pa Morton Jaffray ndi mankhwala ambiri odula, n'kupopedwa kubwerera kumtunda. Chitungwiza, Norton, Ruwa ndi Epworth ali ndi makhonsolo kapena mabungwe awoawo, koma madzi a m'mipope amadalira Harare, ndipo Harare ikachepetsa, khansala wa ku Zengeza alibe chimene angauze anthu ake. Ku Matapi, kumene kunabuka matenda a tayifodi, nyumba zija zikadali za khonsolo. M'chipinda chimene chinamangidwira amuna a ntchito a m'ma 1940 tsopano mumakhala mabanja awiri kapena atatu, atagawa malo ndi nsalu ndi makatoni, ndipo lendi amakaperekabe ku ofesi ya khonsolo ya m'deralo.